Bodza linakwera mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Nanga dokotala wa nyamakazi anatsalira kuti?

Pa 2 Epulo 2020 boma linalengeza kuti anthu atatu apezeka ndi Covid-19 mumzinda wa Lilongwe. Tsikulo lisanafike, matendawa anali atalowa kale m'mafoni. Ku Mponela, ku Madisi, ku Mvera, ku Malomo, anthu ankamvetserana mauthenga a mawu a pa WhatsApp onena za mankhwala ochiza, mankhwala akupha, masamba ofukiza ndi zakumwa zoteteza. Ambiri mwa mauthengawo sanapweteke munthu, pakuti madzi a mandimu sapha. Koma panali gulu limodzi limene nkhanizi zinkalikhudza m'thupi mwenimweni, chifukwa mankhwala amene dziko lonse linkakanganirana ndi omwewo amene gululi limamwa tsiku ndi tsiku. Tikunena odwala nyamakazi. Ndani anawaganizira?

Tiyambe ndi bulufeni. Pa 14 Malichi 2020 nduna ya zaumoyo ya dziko la France, Olivier Véran, inalemba pa Twitter kuti mankhwala ochepetsa kutupa monga ibuprofen (bulufeni) ndi cortisone akhoza kukulitsa matendawa. Inawonjezeranso kuti amene akumwa kale mankhwalawa afunse kaye dokotala wawo. Mawu omalizawa anatayika panjira. Chimene chinazungulira dziko, kuchoka m'Chifalansa kulowa m'Chingerezi, mpaka kudzagwera m'magulu athu a mpingo, a banki mkhonde ndi a pachibale, chinali chiganizo chimodzi: bulufeni akupha. Sabata isanathe bungwe la WHO linanena kuti silikuletsa ibuprofen. Kodi uthenga wachiwiriwu unayenda mtunda umene unayenda woyambawo? Ndipo ngakhale mawu a ndunayo akanafika athunthu, mayi wa kwa Kasakula amene zala zake zimatupa m'mawa uliwonse, dokotala wake ndani? Amamupeza kuti? Amamuimbira pa nambala iti?

Funsoli si lachibwana. Munthu amene wamwa prednisolone, wa gulu la cortisone, kwa miyezi ingapo sasiya lero ndi lero. Thupi lake limakhala litaleka kudzipangira timadzi timene mankhwalawo analowa m'malo mwake, ndipo akasiya mwadzidzidzi amafooka, amasanza, kuthamanga kwa magazi kumatsika, mwinanso n'kumwalira. Mankhwala otere amachepetsedwa pang'onopang'ono wachipatala akuyang'anira. Uthenga wa pafoni unaopseza, koma zimenezi sunanene.

Patangopita masiku asanu, pa 19 Malichi, mtsogoleri wa dziko la America, Donald Trump, anaima pamaso pa atolankhani n'kutamanda chloroquine ndi mbale wake hydroxychloroquine, kenako anabwereza pa Twitter. Chiyembekezocho chinakolezedwa ndi kafukufuku wa anthu ochepa wa Didier Raoult wa ku Marseille. Kwa Mmalawi wamkulu, kololokwini si dzina lachilendo. Tinamwa, tinayabwa naye thupi usiku wonse, mpaka mu 1993 pamene dziko lino linakhala loyamba mu Africa kumusiya ngati mankhwala oyambirira a malungo n'kutenga Fansidar. N'chifukwa chake nkhaniyi inamveka yokhulupirika: mankhwala odziwika, otsika mtengo, a pakhomo pomwe. Ku Lagos anthu anagonekedwa m'chipatala masiku omwewo atamwa chloroquine wopyola muyeso. Koma amene anavutika mwakachetechete ndi odwala lupus ndi rheumatoid arthritis, amene moyo wawo umatsamira pa hydroxychloroquine. M'mayiko ambiri mankhwalawa anatha m'mafamase chifukwa anthu athanzi anagula n'kusunga m'nyumba, ndipo dziko la India, limene limapanga ochuluka, linayamba laletsa kuwatumiza kunja. Pa 5 Juni kafukufuku wamkulu wa RECOVERY wa ku Britain anaonetsa kuti mankhwalawa sathandiza odwala Covid-19 ogonekedwa m'chipatala. Mwa onse amene anatumiza uthenga woyamba uja, ndi angati anabwerera pagulu kukanena kuti abale, zija sizinali zoona?

Odwala tikunenawa si agogo okhaokha. Inde, ilipo nyamakazi ya ukalamba, ya mawondo ndi chiuno, yobwera mafupa akaperesana patatha zaka zambiri za khasu, mtolo wa nkhuni ndi zitunda. Koma ilinso ina imene chitetezo cha m'thupi chimaukira mwini wake. Rheumatoid arthritis imagwira zala ndi manja mbali zonse ziwiri, munthu n'kudzuka manja atauma kwa ola lathunthu kapena kupitirira, ndipo akazi imawagwira kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi amuna. Ikachedwa kuthandizidwa, zala zimapindika osawongokanso. Lupus imakonda atsikana ndi amayi a msinkhu wobereka, asanu ndi anayi mwa odwala khumi aliwonse ndi akazi, ndipo ikalekereredwa imawononga impso. Kumapiri kuno manja ndiwo chuma. Epulo ndi Meyi ndi nthawi yosankha fodya, yokumba mtedza, yomenya soya, yokolola chimanga. Mayi amene sangathe kumanga chitenje kapena kugwira mthiko amasanduka katundu pakhomo pake pomwe, ndipo sipatenga nthawi anthu asanayambe kunong'ona kuti anaponda mankhwala panjira. Chisanu cha Juni ndi Julayi chikatsika m'phiri la Ntchisi, ululu umamveka kwambiri.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa ndi oposa 317,000 m'boma la Ntchisi. Onse pamodzi akupyola miliyoni imodzi. Zipatala zilipo, cha boma ku Dowa ndi ku Ntchisi, cha ku Mponela, za mishoni ku Madisi ndi ku Mtengowanthenga, ndi zing'onozing'ono m'madera, ndipo ogwira ntchito m'menemo amasenza mtolo wolemera: malungo, uchembere, HIV, chifuwa chachikulu, ngozi za pamsewu wa M1. Madokotala akadaulo ali m'zipatala zazikulu, ndipo chapafupi ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. M'nyengo ya mliri ulendo umenewo unatalika. Khothi linaimitsa m'bindikiro wa masiku 21 umene unayenera kuyamba pa 18 Epulo, komabe minibasi zinauzidwa kuchepetsa anthu, mitengo inakwera, ndipo ambiri ankaopa chipatala chenichenicho poganiza kuti akatengako matenda kapena akawatsekera. Makolo anati safunsa anadya phula. Wodwala nyamakazi anafunsa. Anafunsa chimene chinali pafupi naye, ndiye foni. Tingamudzudzule?

Komatu foni tisainyoze, chifukwa njira yomweyo imene inanyamula bodza inachitanso chinthu chimene sichinachitikepo m'mbiri ya matendawa. Pakati pa Malichi 2020 madokotala a nyamakazi a m'mayiko osiyanasiyana anayamba kufunsana pa Twitter: odwala athu amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo, tiwasiyitse kapena apitirize? Palibe buku linali ndi yankho. Kukambirana kumeneko kunabala mgwirizano wotchedwa COVID-19 Global Rheumatology Alliance, umene ena mwa otsogolera ake anali Philip Robinson wa ku Brisbane ndi Jinoos Yazdany wa ku San Francisco. Masabata awiri asanathe anali atatsegula kaundula pa intaneti, momwe dokotala aliyense ankalemba za wodwala wake amene wagwidwa ndi Covid-19, osatchula dzina. Pofika Meyi anali atasanthula odwala 600 ochokera m'mayiko 40. Anapeza kuti omwa prednisone wa mamiligalamu 10 kapena kuposa patsiku ankagonekedwa m'chipatala kwambiri, kuti mankhwala a gulu la bulufeni sankaonjezera ngozi imeneyi, ndiponso kuti hydroxychloroquine sankateteza. Ntchito imene kale ikanatenga zaka inatenga miyezi iwiri, ndipo odwala nawonso anapatsidwa mpando pa zokambiranazo.

Yankho, tsono, linalipo. Linali m'Chingerezi, m'magazini a madokotala, pa tsamba limene anthu a kuno salitsegula. Ndani anali ndi udindo wolitenga, kulifupikitsa, kuliika m'Chichewa cha mphindi imodzi n'kulitumiza ku Nthondo? Kodi ndi Unduna wa Zaumoyo? Ndi sukulu ya madokotala ku Blantyre? Ndi ofesi ya zaumoyo ya pa boma? Mauthenga a kusamba m'manja ndi kuvala masiki anamveka paliponse, ndipo anathandiza. Koma munthu amene ali kale pa mankhwala a moyo wonse anali ndi funso lakelake, ndipo uthenga wa aliyense sunamuyankhe.

Januwale wa 2021 tonse tikumukumbukira. Pa 12 mwezi umenewo nduna ziwiri, Lingson Belekanyama ndi Sidik Mia, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Mantha anakula, mafoni anadzaza ndi maphikidwe a jinja, adyo, mandimu ndi masamba a bulugamu. Pakati pa zimenezi panayendanso dzina la dexamethasone, ndipo apa m'pamene nkhani yoona inasanduka yoopsa. Kafukufuku wa RECOVERY yemwe uja anaonetsa mu Juni 2020 kuti mankhwalawa amapulumutsa odwala kwambiri, amene ali pa mpweya wa oxygen kapena pa makina opumira. Kwa odwala pang'ono sanaonetse phindu. Uthenga ukamadutsa m'manja khumi, malire amenewa amafufutika, n'kutsala dzina la mankhwala lokha. Wodwala nyamakazi akalawa dexamethasone ululu umazizira tsiku lomwelo, ndipo amaona ngati wapeza chozizwitsa. Patapita miyezi nkhope imafufuma, shuga amakwera, mafupa amafooka, chifuwa chachikulu chimene chinagona chimadzuka. Chimodzimodzinso indosidi ndi dikilofenaki wa m'magolosale: womwa tsiku ndi tsiku kwa zaka amatsegula zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Ndani anaima pagulu la WhatsApp kunena zimenezi m'chinenero chimene agogo angamve?

Katemera atafika, funso linabweranso mwa mtundu wina. Pa 5 Malichi 2021 dziko linalandira katemera 360,000 wa AstraZeneca kudzera mu ndondomeko ya COVAX. Pa 19 Meyi nduna ya zaumoyo, Khumbize Kandodo Chiponda, inatsogolera kutentha katemera 19,610 amene masiku ake anatha. N'zoona kuti katemera wotenthedwayo anabwera atatsala ndi masabata ochepa, koma n'zoonanso kuti mphekesera za 666 ndi za kusabereka zinabweza anthu ambiri panjira. Wodwala lupus anali ndi nkhawa yomveka, yosakhudzana ndi 666: chitetezo changa n'chosokonezeka kale, kodi katemerayu sadzutsa matenda anga? Mabungwe a madokotala a nyamakazi anali atayankha kale kumayambiriro kwa chaka chimenecho kuti odwala otere abayitse, chifukwa ngozi ya Covid-19 kwa iwo ndi yaikulu kuposa ngozi ya katemera. Mtsikana wa kwa Chiwere anaumva bwanji uphungu umenewu? Kapena tinangomuwerengera m'gulu la okana katemera, osamufunsa chimene ankaopa?

Wina anena kuti masamba a mchezo ndi a m'tauni, kumudzi foni za intaneti n'zochepa, magetsi kulibe, bandulo ndi yodula, netiweki imapezeka pachulu. Zonsezi n'zoona, ndipo m'pamene pagona vuto lenileni. Pakhomo pamene pali foni imodzi, kawirikawiri imakhala m'thumba la bambo kapena la mnyamata, pamene matendawa amakonda amayi. Uthenga wa mawu sufuna kuti munthu adziwe kuwerenga. Umaseweredwa pamaliro, pachigayo, pamjigo, potuluka m'tchalitchi, ndipo foni imodzi imadyetsa mudzi wonse. Bodza limafika ngakhale kwa amene alibe foni, koma funso la mayiyo lilibe njira yobwerera kwa amene analankhula. Ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka nkhaniyi ndi yokulirapo, pakuti kumeneko mauthenga amachokera ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda, m'Chiswahili, m'Chirundi, m'Chinyarwanda ndi m'Chifalansa, kwa anthu zikwizikwi othinana pamalo amene anakonzedwera ochepa.

Sitikusowa poyambira. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011 mothandizidwa ndi bungwe la VillageReach, chinafalikira dziko lonse, ndipo tsopano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Munthu amaimba ngakhale pa kafoni ka mabatani n'kulankhula ndi wazaumoyo. Kodi oyankha mafoni kumeneko anapatsidwa mayankho a wodwala amene akufunsa za prednisolone, methotrexate kapena hydroxychloroquine? Ngati ayi, chikuletsa n'chiyani? Ku Neno, Abwenzi Pa Za Umoyo anaonetsa kuti chipatala cha pa boma chikhoza kusamalira matenda aakulu a nthawi yaitali, monga shuga wa ana, sickle cell ndi matenda a mtima, ngati ogwira ntchito aphunzitsidwa ndipo mankhwala alipo. Mu 2022 mayiko a mu Africa a bungwe la WHO anavomereza njira imeneyi, yotchedwa PEN-Plus. Nanga nyamakazi yotupitsa mfundo idzalowa liti m'njira imeneyi? Dowa ndi Ntchisi adzafikiridwa liti?

Chimene madokotala a kunja anachita pa Twitter, ife tikhoza kuchichita pa WhatsApp ndi ndalama zochepa. Wachipatala wa ku Malomo amene waona manja otupa mbali zonse akhale ndi gulu limene angafunsepo dokotala wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre n'kuyankhidwa tsiku lomwelo. Phindu lake si lopeka. Methotrexate, mankhwala odalirika a rheumatoid arthritis, amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, ndipo olakwitsa pamenepa amafa. Saperekedwa kwa mayi woyembekezera. Sagwirizana ndi Bactrim, amene m'zipatala zathu amaperekedwa kawirikawiri, ndipo anthu ambiri amene ali ndi HIV amamwa tsiku ndi tsiku. Awiriwa akakumana m'thupi akhoza kupha maselo a magazi. Chenjezo limeneli limakwana mu uthenga wa masekondi 30. Kodi tidikire maliro angati tisanaujambule? Ndipo bandulo ya wachipatala amene akufunsira wodwala wa boma, azilipira m'thumba mwake mpaka liti?

Palinso zimene foni singachite, ndipo uthenga wabwino uyenera kunena malire ake. Foni sigwira bondo. Mfundo imodzi ikatupa, kutentha ndi kufiira, thupi n'kutentha, imeneyo ikhoza kukhala mafinya m'kati, ndipo masiku ochepa ndi okwanira kuwononga mwendo; munthu wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo. Msana wowawa kwa miyezi, munthu akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, ukhoza kukhala chifuwa chachikulu cha m'mafupa. Mwana amene anadwala zilonda za kukhosi, patapita masabata awiri kapena atatu n'kuyamba kumva ululu wosamukasamuka m'mawondo ndi mu akakolo, mtima wake uli pa ngozi, ndipo jekeseni ya penicillin ya mwezi ndi mwezi ndiyo imauteteza. Ana otere sayenera kutemedwa mphini n'kugonekedwa m'nyumba. Komanso chithunzi cha wodwala si cha aliyense. Nkhope ya mtsikana wa lupus ikatuluka m'gulu la achipatala n'kulowa m'gulu la m'mudzi, ukwati wake ndi ulemu wake zimapita nazo. Wojambula apemphe chilolezo, abise nkhope, asalembe dzina.

Pamene akadaulo ali chete, ena akulankhula usana ndi usiku. Tsegulani Facebook muone otsatsa mabotolo ndi maufa amene akuti amachiza nyamakazi, shuga, BP ndi kusabereka pakamodzi, nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ili pansi pomwepo. Mlimi amene wagulitsa matumba awiri a soya amatumiza ndalama, chifukwa wotsatsayo ndiye yekha amene wamulankhula m'Chichewa, wamutchulira ululu wake molondola, wamuyankha usiku. M'mayiko ambiri mankhwala otchedwa achitsamba a nyamakazi anapezekapo atasakanizidwa ndi dexamethasone mobisa. Bungwe la PMRA, loyang'anira mankhwala, linayeza mabotolo angati a pa Facebook? A Medical Council of Malawi amatani ndi munthu wodzitcha dokotala pa intaneti? A MACRA nawo ali ndi lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti. Kodi limateteza wodwala, kapena limangokumbukiridwa wina akanyoza wamkulu?

Covid-19 sanali mliri womaliza. Kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700, ndipo naye anabwera ndi mphekesera zake zimene zinachititsa kuti azaumoyo ena aukiridwe. Tsiku limene mliri wina udzafike si tsiku loyamba kufunafuna amene anthu angamukhulupirire. Mawu amene adzamveredwe ndi amene anthu anazolowera kuwamva nthawi ya mtendere, a munthu wodziwika dzina ndi chipatala chake.

Tikupempha akuluakulu a zaumoyo m'makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi kuti chisanu chikubwerachi chisanafike alembe m'kaundula odwala onse a nyamakazi yotupitsa mfundo ndi lupus amene amadzera m'zipatala zawo, pamodzi ndi mankhwala amene amamwa ndi foni ya wachibale. Ajambule mauthenga a mawu m'Chichewa, wolankhulayo adzitchule dzina ndi udindo, awapereke kwa alangizi a zaumoyo, kwa mafumu, kwa abusa ndi mashehe, ndiponso ku wailesi monga Zodiak, MBC ndi Yetu ya ku Dzaleka. Inu a Unduna, onetsetsani kuti methotrexate ndi hydroxychloroquine akupezeka pa boma, pakuti uphungu wopanda mankhwala umangobwezera wodwala kwa wogulitsa mabotolo.

Ndipo inu bambo, inu achimwene amene mumasunga foni ya pakhomo, uthenga wonena za mankhwala ukafika musathamangire kuutumiza. Onani kaye ngati wolankhulayo watchula dzina lake ndi chipatala chimene amagwirako ntchito. Amayi anu kapena akazi anu asasiye mankhwala awo chifukwa cha mawu a munthu amene simukumudziwa. Tengani kabuku kawo ka kuchipatala, muwaperekeze, mukafunse pamodzi.